Njira yaifupi si ndiyo yabwino pa netiweki ya wayilesi yopanda nsanja

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi ophunzira, aphunzitsi awo ndi amisiri amene akulimbana ndi netiweki za wayilesi zopanda nsanja, zija zimatchedwa ad hoc. Pa netiweki yotere mafoni, malaputopu, ma router, ma drone kapena zipangizo zoyezera zinthu zimalumikizana zokhazokha popanda bwana pakati. Chipangizo A chikafuna kutumiza uthenga kwa D chimene chili kutali, uthengawo umadzera pa B ndi C, ndipo chipangizo chilichonse chimagwira ntchito ziwiri, yotumiza zake ndi yonyamulira zinzake. Netiweki zimenezi zimafunika nsanja zikagwa pa ngozi, m'migodi, pakati pa galimoto zoyenda pamsewu, komanso kumene anthu amadzimangira okha intaneti kuchoka padenga ili kupita padenga ilo.

Chimene chimasankha kuti uthenga udzere pa B kapena pa E ndi protocol ya njira. Chaka chilichonse pamatuluka ma protocol atsopano, ambiri atangoyesedwa pa kompyuta basi, ndipo pafupifupi onse amalimbana ndi masamu opezera njira. Ife tikuona kuti masamuwo sakudwala ayi. Masamu a Dijkstra ndi a Bellman-Ford akhalapo kuyambira m'ma 1950 ndipo amagwira ntchito. Chikudwala ndi zimene protocol imauzidwa zokhudza ulalo wa pakati pa zipangizo ziwiri zoyandikana. Ikauzidwa zabodza, ngakhale masamu abwino amaipezera njira yoipa. Aliyense wofuna kukonza protocol ayambire pamenepo.

Ma protocol amene alipo ali m'magulu awiri akuluakulu. AODV, yolembedwa mu RFC 3561 mu 2003 (RFC ndi chikalata chofotokoza kayendetsedwe ka intaneti), ndi DSR ya mu RFC 4728 ya 2007, zimafufuza njira pokhapokha wina akafuna kutumiza: zimamwaza funso pa netiweki yonse, wofunidwayo n'kuyankha. OLSR ya mu RFC 3626, nayonso ya 2003, pamodzi ndi Babel ndi batman-adv, zimasunga njira nthawi zonse, kaya pali wotumiza kaya palibe. Zipangizo zikakhala zambiri koma zolankhula mwa apo ndi apo, gulu loyamba limasunga batire ndi mpata wa pamphepo. Zikakhala zolankhulana kosalekeza, lachiwiri limapambana chifukwa paketi yoyamba (paketi ndi kachidutswa ka uthenga) sidikira kuti njira ipezeke. Koma matenda tikunenawa amagwira magulu onse awiri.

M'malemba awo oyambirira, AODV, DSR ndi OLSR zimayeza njira powerenga masitepe, kutanthauza kuti paketi idumpha kangati isanafike. Njira ya sitepe imodzi imaposa ya masitepe atatu. Pa waya zimenezi zili bwino, chifukwa waya umagwira kapena sugwira. Wayilesi siili choncho. Ulalo umatha kufikitsa mapaketi 95 pa 100 alionse, kapena 60, kapena 20, ndipo umatha kufikitsa bwino popita koma n'kumalephera pobwerera. Tsono kuti masitepe achepe, sitepe iliyonse iyenera kutalika, ndipo ulalo wautali kwambiri ndi umene uli m'malire mwa mphamvu ya wayilesi, kumene mapaketi amatayika kwambiri. Protocol yowerenga masitepe sigwera pa maulalo ofooka mwangozi. Imachita kuwafunafuna.

Mu 2003 Douglas De Couto ndi anzake a ku yunivesite ya MIT anaonetsa zimenezi pa netiweki ya makompyuta 29 a 802.11b (mtundu wina wa 802.11, kutanthauza Wi-Fi), ndipo anabweretsa muyeso wotchedwa ETX. Kapezedwe kake n'kosavuta. Chipangizo chilichonse chimaulutsa kapaketi koyesera kamodzi pa sekondi. Mnansi amawerenga kuti pa masekondi 10 apitawo walandira tingati, n'kulemba chiwerengerocho m'kapaketi kake koyesera. Motero mbali zonse ziwiri zimadziwa gawo limene limafika popita ndi gawo limene limafika pobwerera. Chulukitsani magawo awiriwo, kenako mugawe 1 ndi yankholo. Chotulukacho ndi maulendo amene paketi iyenera kutumizidwa kuti ifike ndi kuvomerezedwa. Mbali yobwerera siiyenera kuiwalika, chifukwa pa 802.11 wolandira amabweza ACK, kauthenga kotsimikiza kuti paketi yafika, ndipo ACK ikatayika wotumiza amabwereza ngakhale paketi inafika.

Tiyerekeze kuti A imamva D mwachindunji, koma popita pamafika 0.5 ndipo pobwerera 0.4. Kuchulukitsa kukupereka 0.2, ndiye ETX ndi 5. Palinso njira yodzera pa B ndi C, masitepe atatu, ulalo uliwonse ukufikitsa 0.9 mbali zonse ziwiri. Ulalo umodzi ndi 1.23, yonse itatu ndi 3.7. Njira yooneka yaitaliyo imadya mpata wa pamphepo wocheperapo. Komanso khadi ya 802.11, imene imatumiza ndi kulandira pa wayilesi, sibwereza mpaka kalekale. Mwachizolowezi imayesa ka 7 n'kusiya. Pa ulalo wa 0.2 uja, mwayi woti maulendo onse 7 alephere ndi pafupifupi 21 pa 100. Ndiye kuti pa mapaketi asanu alionse, imodzi imachititsa wotumiza kuganiza kuti ulalo waduka. Protocol ikakhala yokhulupirira zonena za khadi, imafufuta njira, imamwazanso funso, yankho limabwera kudzera pa ulalo wofooka womwewo chifukwa ndiwo wa masitepe ochepa, ndipo zinthu zimangozungulira choncho.

ETX nayo ili ndi pobowoka, ndipo pobowokapo m'pomwe ambiri amagwera. Mauthenga a HELLO, moni amene chipangizo chimadzidziwitsira kwa anansi, ndi timapaketi toyesera timaulutsidwa kwa onse, ndipo pa 802.11 zoulutsa kwa onse zimayenda pa liwiro lotsikitsitsa, 1 Mbps (ma bit miliyoni imodzi pa sekondi) pa 2.4 GHz kapena 6 Mbps pa 5 GHz, popanda ACK. Uthenga wapang'onopang'ono umafika patali kuposa wothamanga, ndipo kapaketi ka ma byte 50 kamapulumuka pomwe paketi ya ma byte 1500 imawonongeka. Pali dera ndithu, m'mphepete mwa mphamvu ya wayilesi, pamene HELLO amamveka koma deta sidutsa. Henrik Lundgren, Erik Nordström ndi Christian Tschudin anafotokoza za derali mu 2002 atayesa AODV pa zipangizo zenizeni ku Uppsala. Mankhwala amene anayesa adakali othandiza: musalandire mnansi mpaka iyenso atsimikize kuti akukumvani, musamulandire pa HELLO mmodzi, dikirani angapo otsatizana, ndipo kanani HELLO amene wafika ndi mphamvu yochepera malire amene deta imafuna.

Pali chinanso chosavuta chimene amisiri ambiri amachidumpha: kwezani liwiro la zoulutsa kwa onse. Pa OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa ma router, pali poikira liwiroli potchedwa mcast_rate. Mukaika 12000, HELLO amayenda pa 12 Mbps. Amene sangathe kumva pa liwiro limenelo sakhalanso mnansi, ndipo maulalo onamiza aja amachoka okha. Mtengo wake ndi woti chipangizo chimene chinali ndi ulalo umodzi wofooka chimatha kutsala chokha, choncho yang'anani zipangizo za m'mphepete musanakweze.

Chachiwiri, ETX sidziwa liwiro. Paketi ya ma byte 1500 ndi ma bit 12,000. Pa 1 Mbps imakhala pamphepo mamilisekondi 12. Pa 24 Mbps imakhala theka la milisekondi. Ulalo wosataya kanthu wa 1 Mbps uli ndi ETX ya 1, ndipo umaoneka wabwino kuposa wa 24 Mbps wokhala ndi ETX ya 1.5. Koma wachiwiriwu umatenga mamilisekondi 0.75 okha, moti masitepe atatu otere ndi 2.25, kuchepera kasanu poyerekeza ndi sitepe imodzi yapang'onopang'ono ija. Ndipo pa mamilisekondi 12 amenewo anansi onse a pa tchanelo imeneyo amakhala chete kudikira. Ulalo umodzi wochedwa umachedwetsa dera lonse. Richard Draves, Jitendra Padhye ndi Brian Zill a ku Microsoft Research anakonza zimenezi mu 2004 ndi muyeso wa ETT, umene umachulukitsa ETX ndi nthawi imene paketi imatenga pa liwiro la ulalowo. Maganizo omwewo ndiwo ali mu muyeso wa 802.11s (gawo la 802.11 la netiweki zotere), mu RFC 7779 ya OLSRv2 (OLSR yachiwiri), ndi mu BATMAN V ya mu batman-adv. Liwirolo mulitenge kwa khadi yeniyeniyo, pa mapaketi otumizidwa kwa mnansi ameneyo. Ulalo ukakhala kuti sukunyamula kanthu, khadi imasunga liwiro lakale, choncho tumizani timapaketi tochepa mwachindunji kwa mnansiyo kuti chiwerengero chisakalambe.

Mukangoyamba kuyeza ulalo mwanjira imeneyi pamabuka vuto latsopano, ndipo ndi limene lagwetsa mphwayi anthu ambiri mpaka kubwerera ku masitepe. Muyeso umagwedezeka. Ulalo umene umafikitsadi 0.8, mukauyeza ndi timapaketi 10 tokha, nthawi ina mupeza 6, nthawi ina 10, popanda chilichonse chosintha. Pa mbali imodzi yokha ETX yayenda kuchoka pa 1.67 kufika pa 1. Pakakhala njira ziwiri zofanana mphamvu, protocol imadumphadumpha pakati pa ziwirizo masekondi angapo alionse. Mapaketi amafika mosokonezeka, TCP, protocol imene imayang'anira liwiro lotumizira deta, ikaona ma ACK atatu obwereza imaganiza kuti paketi yatayika n'kudula liwiro ndi theka, ndipo mawu a pa foni amadukaduka. Kuthamanga si kufika. Protocol yosintha njira pa kamphepo kalikonse imafikitsa zochepa kuposa yodekha.

Kukonza kwake kuli pawiri. Poyamba talikitsani chikumbumtima cha muyeso: Babel imasunga mbiri ya ma HELLO 16 omaliza, batman-adv imawerenga pa mauthenga 64. Kenako ikani malire awiri osiyana, olowera ndi otulukira. RFC 3626 ili ndi chitsanzo chabwino. HELLO akafika, tengani theka la chiwerengero chakale n'kuwonjezera 0.5, akatayika, tengani theka lokha. Ulalo umalandiridwa ukaposa 0.8 ndipo umatayidwa ukatsika pansi pa 0.3. Kuyambira pa 0 zimayenda 0.5, 0.75, 0.875, ndiye pamafunika ma HELLO atatu otsatizana kuti ulalo ulowe, pomwe awiri otayika motsatizana amautulutsa. Posankha njira yonse chitaninso chimodzimodzi: musasiye njira imene ikugwira ntchito pokhapokha yatsopano ikaiposa ndi malire ooneka, ndipo ikhale ikuiposabe kwa masekondi angapo. Pa RPL, protocol ina ya njira, RFC 6719 imaika malirewa pa ETX ya 1.5. Chiwerengero choyenera netiweki yanu chingasiyane, koma chisakhale 0. Lamulo lake n'lakuti njira yakufa muisiye msanga, njira yongooneka yabwinoko muilowe mochedwa.

Tichenjezeko apa amene amafuna kuika kuchuluka kwa katundu (deta yodutsa) kapena kuchedwa kwa pamzere mu muyeso. Maganizowa amakoma kuwamva, koma njira yopanda katundu ikaoneka yabwino onse amathamangira komweko, imadzaza, ija anaisiya ija imaoneka yabwino, onse n'kubwerera. ARPANET, netiweki imene inabala intaneti, inavutika ndi zimenezi mpaka muyeso wake unasinthidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ngati mukuumirira kuikamo katundu, gawo lake likhale laling'ono ndipo lisinthe pang'onopang'ono.

Pa AODV kuika muyeso watsopano sikungosintha nambala imodzi. Chipangizo chimalandira RREQ (funso lomwazidwa lija) yoyamba kufika n'kutaya zobwereza zonse, ndipo yoyamba kufika kawirikawiri imakhala imene yadzera masitepe ochepa. Mukangowonjezera ETX osakhudza lamuloli, palibe chimene mwasintha. Pamafunika malo mu RREQ osungira mtengo wonse wa njira, chipangizo chilichonse n'kumawonjezerapo mtengo wa ulalo umene yadzera. RREQ yobwereza iloledwe kupitirira ngati mtengo wake ndi wotsika ndi malire ooneka, apo ayi mauthenga achuluka kosaneneka. Wofunidwayo adikire pang'ono asanayankhe, kapena ayankhe msanga kenako atumize RREP (yankho) yachiwiri njira yabwinoko ikafika. Njira ina yotchipa ndi kuchedwetsa RREQ pa chipangizo chilichonse molingana ndi kuipa kwa ulalo umene yadzera, kuti yodzera pabwino ifike poyamba. Zipangizo zikakhala zoyenda kwambiri, yatsani chizindikiro chotchedwa D (destination only) mu RREQ kuti ayankhe wofunidwa yekha, chifukwa zipangizo zapakati zimayankha ndi njira zimene zinafa kale. DSR imavutika kwambiri ndi zimenezi, poti imasunga njira zimene yangomva zikudutsa. Njira zosungidwazo zipatseni nthawi yothera.

Za nthawi nazonso anthu amangotengera zimene zili mu RFC osawerengera. AODV imatumiza HELLO sekondi iliyonse ndipo imati ulalo wafa akasowa awiri, ndiye masekondi 2. OLSR imatumiza masekondi 2 alionse ndipo imadikira 6. Munthu woyenda pansi amayenda mamita 8 okha pa masekondi 6, palibe vuto. Galimoto ya makilomita 60 pa ola imayenda mamita 100. Galimoto ziwiri zopita kosiyana pa liwiro limenelo, mawayilesi ake akamafika mamita 250, zimamvana kwa masekondi 15 okha, ndipo protocol imapitiriza kuponya mapaketi kwa mnansi amene anapita kale kwa masekondi ena 6. Kufupikitsa nthawi kuli ndi mtengo wake. HELLO wa ma byte 100 pa 1 Mbps amatenga pafupifupi milisekondi imodzi mukaphatikiza chiyambi cha paketi pa wayilesi. Anansi 50 akamatumiza kamodzi pa sekondi, magawo 5 pa 100 a mpata wa pamphepo apita. Akamatumiza kasanu pa sekondi, gawo limodzi mwa anayi lapita pa moni yekha. Yankho ndi nthawi yosinthasintha. OLSR ndi Babel zimalemba mu HELLO mwenimwenimo kuti wotsatira abwera liti, choncho chipangizo chilichonse chitha kukhala ndi nthawi yakeyake: choyenda chifupikitse, chokhazikika padenga chitalikitse. Ndondomeko ya Trickle ya mu RFC 6206 imachita bwino zimenezi. Zinthu zikakhala bata imawirikiza nthawi kawiri mobwerezabwereza, ndipo ikangomva chosagwirizana imabwerera pa nthawi yaifupi.

Khadi ya wayilesi imadziwa kuti ulalo waduka m'mamilisekondi ochepa, HELLO asanasowe n'komwe, choncho ndi bwino kuimvera. Koma khadi sisiyanitsa mnansi wochoka ndi mapaketi ogundana. A ndi C zikakhala kuti sizimvana koma zonse zikutumiza kwa B, mapaketi amagundana pa B ngakhale palibe wasuntha. Protocol ikafufuta njira pa chifukwa chimenechi n'kumwaza funso, imawonjezera phokoso pamalo odzaza kale. Musanafufute, onani mphamvu ya mapaketi omaliza ochokera kwa mnansiyo. Ngati imatsika pang'onopang'ono, wachokadi. Ngati inali yamphamvu mpaka pomaliza, ndi kudzazana chabe, dikirani, yesaninso.

Kumwaza uthenga pa netiweki yonse ndiko kumaika malire pa kukula kwake. Chipangizo chilichonse chikamayambitsa uthenga sekondi iliyonse, ndipo chilichonse chikamabwereza wa chinzake, zipangizo 100 zimaulutsa ka 10,000 pa sekondi. Kafukufuku wa Sze-Yao Ni ndi anzake wa 1999 anaonetsa kuti kubwereza kumodzi sikungafikire dera latsopano loposa magawo 61 pa 100 a dera la wayilesi imodzi, ndipo pakatikati ndi 41. Amene wamva uthenga womwewo kangapo alibenso watsopano woti amuuze. Njira zochepetsera zilipo ndipo n'zoyesedwa. AODV imayamba kufunsa pafupi, TTL (malire a masitepe amene uthenga ungadumphe) ya 1, kenako 3, 5, 7, isanafuule mpaka 35. OLSR imasankha anansi ochepa, ma MPR, amene kudzera mwa iwo onse a masitepe awiri amafikiridwa, ndipo okhawo ndiwo amabwereza. Koma chenjerani: mnansi wofikira ambiri atsopano kawirikawiri amakhala wakutali kwambiri, ndiye wa ulalo wofooka. Sankhani ma MPR pakati pa maulalo opyola malire a ubwino, ndipo ngati mauthenga akutayikabe kwezani MPR_COVERAGE (chiwerengero cha ma MPR oyenera kufikira aliyense wa masitepe awiri) kuchoka pa 1 kufika pa 2. Phatikizani mauthenga angapo mu paketi imodzi. Nkhani za pafupi muzitumiza pafupipafupi, za kutali patalipatali. Ndipo musaiwale kachedwetso kachisawawa musanabwereze. Anansi khumi akalandira uthenga nthawi imodzi n'kubwereza nthawi imodzi, onse amagundana, ndipo poti zoulutsa kwa onse zilibe ACK palibe amene amadziwa. RFC 5148 imalongosola zimenezi. Pa OLSR malire ake ndi gawo limodzi mwa anayi la nthawi ya HELLO, theka la sekondi.

Njira zozungulira, pomwe B ikutumiza kwa C ndipo C ikubwezera kwa B, zimawononga kwambiri pa wayilesi kuposa pa waya, chifukwa paketi imodzi imadya mphepo ya dera lonse mpaka TTL yake ithe. OLSR imatha kuzungulira kwa kanthawi uthenga wa TC, wolengeza maulalo pa netiweki yonse, ukafika kwa ena koma osafika kwa ena, poti zipangizo zimakhala ndi mapu osiyana. Babel ya Juliusz Chroboczek, imene ili mu RFC 8966 ya 2021, imakana njira iliyonse yochokera kwa mnansi pokhapokha nambala yake, imene wofunidwayo amaika posonyeza utsopano wa njirayo, ikhale yatsopano, kapena mtengo wake ukhale wotsika kuposa wabwino kwambiri umene chipangizocho chinalengezapo. Ikasowa njira yololedwa imapempha wofunidwayo kuti akweze nambala. Wopanga protocol yatsopano aphunzire lamuloli asanapeke lake. Ayesenso zimene zimachitika chipangizo chikazima n'kuyakanso chitaiwala nambala yake. RFC 3561 imalamula kuti chidikire kanthawi chisanayambe kulengeza njira, ndipo mapulogalamu olembedwa mofulumira amadumpha gawo limeneli.

Pali malire amene protocol iliyonse singawadutse ndi wayilesi imodzi. Pa mzere wa zipangizo za tchanelo imodzi, B singalandire ndi kutumiza nthawi imodzi, ndipo C ikamatumiza imasokoneza zimene B ikulandira. Jinyang Li ndi anzake anawerengera mu 2001 kuti mzere wautali ungafikitse gawo limodzi mwa anayi la mphamvu ya ulalo umodzi zinthu zikayenda bwino kwambiri, ndipo 802.11 m'zoyeserera zawo inafikitsa limodzi mwa 7. N'chifukwa chake masitepe sayenera kukhala aulere. Batman-adv imalipiritsa sitepe iliyonse pang'ono. Kuti mupyole malirewa pamafunika mawayilesi awiri pa chipangizo, ina yolandirira ina yotumizira pa matchanelo osiyana, monga 1, 6 ndi 11 pa 2.4 GHz kapena kusakaniza ndi 5 GHz, ndipo muyeso uzikonda njira yosinthasintha matchanelo. Ma eriyo a mawayilesi awiriwo atalikirane, apo ayi amagonthetsana ngakhale matchanelo asiyane.

Muyeso wabwino umadalira kuti anansi akunena zoona. Chipangizo chimodzi cholengeza nambala yaikulu kapena mtengo wotsika chimakoka mapaketi onse n'kuwameza. Sayinani mauthenga a protocol: RFC 8967 ya Babel, RFC 7183 ya OLSRv2, SAE pa 802.11s. Dziwani kuti kusayina sikuletsa mdani wongojambula mauthenga enieni kuno n'kukawaulutsa kutali kuti zipangizo ziganize kuti n'zoyandikana.

Tsopano za kuyesa, pomwe tikupempha aphunzitsi kuti alimbe mtima. Zoyeserera zambiri za pa ns-2, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, zimatenga wayilesi ngati bwalo la mamita 250: mkati mwake zonse zimafika, kunja palibe. M'dziko lotero mulibe ulalo wa 0.5, mulibe ulalo wa mbali imodzi, choncho kuwerenga masitepe kumaoneka kwabwino ndipo zonse tafotokozazi sizioneka. David Kotz ndi anzake a ku Dartmouth anatsutsa maganizo amenewa mu 2003. Chaka chomwecho Jungkeun Yoon, Mingyan Liu ndi Brian Noble anaonetsa kuti pa kayendedwe kotchuka ka random waypoint, pomwe chipangizo chilichonse chimasankha kopita ndi liwiro mwachisawawa, liwiro lotsikitsitsa likakhala 0, zipangizo zimakodwa pa maulendo ochedwa ndipo liwiro lapakatikati limangotsikabe, moti zotsatira zimaoneka zabwino mukatalikitsa nthawi. Ikani liwiro lotsikitsitsa loposa 0, tayani gawo loyamba la zotsatira, gwiritsani ntchito chitsanzo cha wayilesi chokhala ndi kuzilala kwa mphamvu, bwerezani ndi ma seed (manambala oyambira zachisawawa) ambiri, ndipo onetsani kumwazika kwa zotsatira osati chapakatikati chokha.

Koposa apo, yesani pa zipangizo zenizeni. Sipafunika zambiri, ma router 6 kapena 8 a OpenWrt akwana. Atsitseni mphamvu yotumizira kuti mupeze masitepe atatu kapena anayi m'nyumba imodzi, ndipo mutsimikize ndi lamulo la iw station dump, loonetsa anansi a wayilesi, kuti zakumapeto sizikumvana bwino. Musanayatse protocol, yezani ulalo uliwonse paokha ndi iperf3, pulogalamu yoyezera liwiro, mbali zonse ziwiri, kuti mudziwe njira yabwino yeniyeni. Popanda zimenezi simungadziwe ngati protocol yasankha bwino. Kenako yatsani, mufanizire chimene yasankha ndi chimene munayeza. Pangani ulalo wa mbali imodzi potsitsa mphamvu ya chipangizo chimodzi chokha, muone ngati protocol ikuukana. Thamangitsani ping (yotumiza timapaketi todikira yankho) ya ka 10 pa sekondi kuchoka kumapeto kufika kumapeto, zimitsani chipangizo chapakati, muwerenge mapaketi otayika: 40 ndi masekondi 4 opanda njira. Chiyatseninso, muone ngati pakubuka kuzungulira. Siyani zonse osakhudza kwa ola lathunthu mukuwerenga kuti njira yasintha kangati. Palibe chasuntha, choncho kusintha kulikonse n'kugwedezeka kwa muyeso. Bwerezani zonsezi netiweki itadzaza ndi katundu, chifukwa ma HELLO amatayika pamzere wodzaza ndipo maulalo abwino amayamba kuoneka akufa. Apa mauthenga a protocol apatsidwe mzere wotsogola. Ikani laputopu ina yongomvetsera ndi tcpdump, pulogalamu yojambula mapaketi, kuti muwerenge mpata wa pamphepo umene protocol yadya, mu mamilisekondi osati mu ma byte okha. Pa batman-adv kwezani MTU (malire a kukula kwa paketi mu ma byte) ya wayilesi kufika 1532, apo ayi mapaketi aakulu amadulidwa pawiri ndipo mudzaimba mlandu protocol pa cholakwa cha kakonzedwe.

Amene amamanga netiweki za anthu wamba, monga a Freifunk ku Germany ndi a guifi.net ku Catalonia, akhala akuyendetsa ma protocol amenewa padenga kwa zaka zambiri, ndipo msonkhano wa Battlemesh umawayesa pa zipangizo zofanana malo amodzi. Mapulogalamu a babeld, olsrd2 ndi batman-adv, imene inalowa mu Linux 2.6.38 mu 2011, ndi aulere ndipo aliyense atha kuwerenga mmene analembedwera. Wophunzira wobweretsa protocol yake aifanizire ndi amenewa atakonzedwa bwino, pa zipangizo zomwezo, tchanelo yomweyo ndi nthawi za HELLO zofanana, osati ndi AODV yowerenga masitepe ya 2003. Lipoti lake lisonyeze gawo la mapaketi ofika, kuchedwa kwa mapaketi ochedwetsetsa, masekondi opanda njira chipangizo chapakati chikazima, maulendo amene njira yasintha pa ola, ndi mpata wa pamphepo umene mauthenga a protocol adya.

Ndife owerenga anu,
Amisiri a netiweki za wayilesi